Kuchokera ku Bvumbwe Kufika ku Yunivesite: Ntchito ya Womasulira Chiyankhulo cha Manja

Msonkhano wa chitukuko ukaitanidwa m'mudzi, uthenga umayenda ndi pakamwa. Nduna ya mfumu imakuwa madzulo, khansala amalengeza pamaliro kapena kutchalitchi, ena amamva pawailesi. Tsikulo likafika, anthu amasonkhana pabwalo n'kuyamba kukambirana ngati ndalama zomwe zabwera zipite ku mjigo, ku mlatho kapena ku mdadada wa sukulu. Pagululo pamakhala munthu wina amene amangoona milomo ikugwedera ndi manja akukwezedwa, osadziwa chomwe anzake akugwirizana. Munthuyo ndi wosamva. Njerwa zachitukuko amaumba nawo, mchenga amatuta nawo, chiphaso cha pamsika amadula ngati wina aliyense, koma za mudzi wake zimagamulidwa iye ali pomwepo ngati mlendo.

Phunziro lino likunena za munthu amene ntchito yake ndi kulumikiza wosamvayo ndi anzake pabwalo, kuchipatala, kukhoti ndi m'kalasi. Munthuyo ndi womasulira chiyankhulo cha manja. Tiona chimene amachita, mmene amaphunzirira, ndi chifukwa chake ena mwa iwo amafika pophunzitsa kuyunivesite. Mfundo yoti tiigwire ndi iyi: kumasulira ndi ntchito yochita kuphunzira ngati unamwino kapena uphunzitsi, ndipo boma la Thyolo lili ndi mwayi wodzisulira lokha anthu oigwira.

Nkhaniyi ikukhudza anthu angati?

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kapena kuposera apo m'dziko muno, 10.4 ali ndi ulumali wina wake, ndipo mwa aulumaliwo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto la kumva. Kalembera yemweyo adawerenga anthu oposa 720,000 m'boma lathu lino. Si onse a vuto la kumva amene amayankhula ndi manja, pakuti ena ndi agogo athu amene makutu angofooka ndi ukalamba. Komabe kuchokera ku Bvumbwe mpaka ku Thekerani, ku Goliati mpaka ku Masambanjati, n'kovuta kupeza dera lopanda munthu amene adabadwa wosamva kapena adasiya kumva ali mwana chifukwa cha malungo aakulu, matenda oumitsa khosi, chikuku kapena mafinya a m'khutu amene sadalandire chithandizo msanga.

Ana osamva ambiri, oposa 9 mwa 10 alionse, amabadwa kwa makolo akumva. Motero mwanayo amakulira m'nyumba momwe mulibe wodziwa chiyankhulo chimene iye angachilandire ndi maso. Banja limangopanga zizindikiro zochepa za nsima, madzi, kugona ndi kubwera. Zizindikiro zapakhomozi zimathandiza, koma sizingafotokoze za malire a munda, za mlandu kapena za matenda.

Chiyankhulo cha manja ndi chiyankhulo chenicheni

Ambiri timaganiza kuti kuyankhula ndi manja ndi kungolozaloza, kapena kuti ndi Chichewa chomwechi chosandutsidwa zizindikiro. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika. Chiyankhulo cha manja chili ndi mawu ake ndi malamulo ake a kaumbidwe ka ziganizo. Tanthauzo la chizindikiro limadalira mmene dzanja laumbidwira, malo omwe laikidwa, mmene likuyendera ndi komwe chikhatho chayang'ana. Nkhope nayo ili ndi gawo lake: kukweza zikope kapena nsidze kukhoza kusandutsa chiganizo kukhala funso, monga mmene ife timakwezera mawu pofunsa. Woyankhulayo amagwiritsanso ntchito malo a patsogolo pake. Akaika munthu wina kumanja ndi wina kumanzere, amatha kuonetsa amene adapatsa mnzake chinthu pongoyendetsa dzanja kuchoka uku kupita uko.

Chiyankhulochi si chimodzi padziko lonse. Anthu a ku Britain ndi a ku America onse amayankhula Chingerezi, koma osamva a m'maiko awiriwa ali ndi ziyankhulo zamanja zosiyana kotheratu. Chimodzimodzinso, chiyankhulo cha manja cha ku Malawi n'chathuchathu, chosiyana ndi cha ku Kenya kapena ku South Africa.

Zidatenga nthawi kuti dziko livomereze zimenezi. Mu 1880 aphunzitsi a ana osamva adakumana mu mzinda wa Milan ku Italy n'kugwirizana kuti ana aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa ndi kuwerenga milomo, osati ndi manja. Kwa zaka zambiri zotsatira, m'sukulu za m'maiko ochuluka ana ankaletsedwa kugwiritsa ntchito manja. Zinthu zidayamba kusintha mu 1960 pamene William Stokoe, mphunzitsi wa pa koleji ya osamva ya Gallaudet mu mzinda wa Washington, adasindikiza kafukufuku woonetsa kuti chiyankhulo cha manja cha ku America chili ndi dongosolo lake ngati chiyankhulo china chilichonse. Onani kuti amene adathandiza kubweza ulemu wa chiyankhulochi adali mphunzitsi wa sukulu yaukachenjede. Tibwereranso ku mfundo imeneyi.

Mbiri ya kuno kwathu

Maphunziro a ana osamva m'Malawi adayambira ku Nguludi, m'boma loyandikana nafe la Chiradzulu, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Adawayambitsa ndi mabulazala a mpingo wa Katolika ochokera ku Netherlands, ndipo kumeneko n'kumene kuli sukulu ya Mary View. Pambuyo pake kudabwera sukulu zina monga ya Mua ku Dedza, ya Embangweni ku Mzimba, ndi ya Mountain View yomwe ili ku Bvumbwe, m'boma lathu lomwe lino. Monga zidalili kumaiko ena, poyamba njira yophunzitsira idatsamira pa kuwerenga milomo ndi kuyeseza kutulutsa mawu. Koma ana akakhala paokha m'chipinda chogona kapena pabwalo la masewera ankayankhulana ndi manja, ndipo m'malo oterewa chiyankhulo cha manja cha ku Malawi chidakula n'kumapatsirana kuchokera kwa akulu kupita kwa ang'ono.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu osamva adakhazikitsa bungwe lawo la Malawi National Association of the Deaf, lomwe limadziwika kuti MANAD. Bungweli lakhala likumenyera kuti chiyankhulo chawo chilemekezedwe, ndipo lakhala likuphunzitsa omasulira mothandizidwa ndi mabungwe a osamva a kunja, monga la ku Finland. Mu 2021 lidatulutsa buku loyamba lotanthauzira mawu a chiyankhulo cha manja cha ku Malawi. Ngakhale zili choncho, dandaulo la MANAD lakhala limodzimodzi kwa zaka zambiri: omasulira ophunzitsidwa bwino ndi ochepa kwambiri, ndipo ochepawo ambiri ali m'mizinda.

Womasulira amachita chiyani kwenikweni?

Ambiri tidamuonapo womasulira pakona pa kanema nthawi ya nkhani za pa MBC, kapena pamisonkhano ya atolankhani nthawi ya mliri wa Covid-19. Zimaoneka ngati zophweka, koma m'mutu mwake mumachitika zinthu zingapo nthawi imodzi. Amamvetsera chiganizo, amagwira tanthauzo lake, amaliumba m'dongosolo la chiyankhulo cha manja, ndipo pamene manja ake akupereka chiganizo choyambacho, makutu ake amakhala akulandira kale chachiwiri. N'chifukwa chake amatsalira pang'ono m'mbuyo mwa woyankhula. Samasulira liwu ndi liwu. Mfumu ikanena kuti "mutu umodzi susenza denga", womasulira waluso amapereka tanthauzo la mwambiwo, loti ntchito yaikulu imafuna kugwirizana, pakuti akangoonetsa mutu ndi denga wosamvayo angaganize kuti kukumangidwa nyumba.

Ntchitoyi ili ndi mbali ziwiri. Kupatula kusandutsa mawu kukhala zizindikiro, womasulira amasandutsanso zizindikiro kukhala mawu. Wosamva akaimirira pabwalo n'kufotokoza chifukwa chake akufuna mjigo osati mlatho, womasulira ndiye amatulutsa mawuwo kuti gulu limve. Akamasulira mofooka, maganizo anzeru amamveka ngati achibwana. Mbali imeneyi ndi yovuta koposa, ndipo m'pomwe pamadziwikira amene adaphunzira ndi amene akungoyerekeza.

Chifukwa cha kulemera kwa ntchitoyi, pamsonkhano wautali omasulira amayenera kukhala awiri n'kumalandizana pakatha mphindi 20 kapena 30. Munthu mmodzi akapitirira kwa maola, mutu umatopa ndipo zolakwika zimachuluka iye osazindikira. Womasulira amavala chovala cha mtundu umodzi chopanda maluwamaluwa kuti manja azioneka bwino, amaima moyang'anizana ndi wosamva, pamalo powala, osati dzuwa lili kumsana kwake. Amafunikanso kudziwiratu mitu ya zokambirana, mayina ndi manambala msonkhano usanayambe. Akakumana ndi wosamva amene sadapiteko kusukulu, amene amangodziwa zizindikiro zapakhomo, nthawi zina amagwira ntchito limodzi ndi munthu wina wosamva wozolowera, amene amatha kumvana ndi mnzakeyo mosavuta.

Malamulo atatu a ntchitoyi

Loyamba ndi kusunga chinsinsi. Womasulira amamva zotsatira za magazi, milandu ya m'banja ndi ngongole za anthu. Zimene wamva kuchipinda cha dokotala zimathera komweko.

Lachiwiri ndi kusakondera. Iye si loya wa wosamva, si mthandizi wa dokotala kapena wa bwana. Sayankha m'malo mwa munthu, salangiza, ndipo saonjezerapo maganizo ake.

Lachitatu ndi kupereka zonse monga zanenedwera. Mawu akakhala owawa sawazizitsa, akakhala ochititsa manyazi sawadumpha. Akaona kuti nkhani yamukulira, amanena poyera kuti pafunika wina wodziwa kuposa iye.

Malamulo amenewa akutithandiza kuona vuto la chizolowezi chathu chotenga m'bale kapena mwana kuti amasulire. Tiyerekeze mayi wosamva woyembekezera wapita kusikelo ndi mwana wake wa zaka 10. Namwino akufuna kufotokoza zotsatira za magazi ndi kamwedwe ka mankhwala. Kodi n'koyenera kuti mwana wa msinkhu umenewu amve chinsinsi cha mayi ake? Nanga akasokoneza piritsi limodzi katatu patsiku ndi mapiritsi atatu nthawi imodzi, wolakwa ndani? Tiyerekezenso mtsikana wosamva wachitidwa nkhanza, ndipo amene akumasulira kupolisi ndi wachibale wa woganiziridwayo. Chilungamo chingapezeke bwanji?

Kuopsa kwa womasulira wosadziwa ntchito kudaonekera dziko lonse pa 10 Disembala 2013, pamwambo wokumbukira Nelson Mandela mu mzinda wa Johannesburg. Munthu amene adaimikidwa pafupi ndi atsogoleri a maiko ankagwedeza manja, koma osamva a ku South Africa adati zomwe ankachitazo zidalibe tanthauzo. Anthu akumva sadazindikire kanthu, pakuti kwa iwo manja ankayenda ndithu. Phunziro lake n'lakuti amene angatiuze ngati womasulira ali waluso ndi eni chiyankhulo, osati ife.

Njira ya maphunziro

Mnyamata kapena mtsikana wa kuno amene angafune ntchitoyi adziwe kuti ulendo wake uli ndi magawo asanu.

Gawo loyamba ndi kuphunzira chiyankhulo kwa eni ake. Palibe amene adaphunzira Chilomwe pongowerenga buku, ndipo n'chimodzimodzi ndi chiyankhulo cha manja. Munthu ayenera kucheza ndi osamva, kudya nawo, kupita nawo kumaliro ndi kumasewera, kulola kusekedwa akalakwitsa ndi kukonzedwa. Akamuzolowera amamupatsa dzina la chizindikiro, lomwe kawirikawiri limachokera pa maonekedwe kapena khalidwe lake. Dzinalo sadzipatsa yekha. Omasulira ambiri adayamba chonchi, ena chifukwa adali ndi kholo kapena m'bale wosamva, ena kutchalitchi, ena pophunzitsa m'sukulu za ana osamva.

Gawo lachiwiri ndi sukulu wamba. Womasulira wa ku Malawi amagwira ntchito pakati pa ziyankhulo zosachepera zitatu: cha manja, Chichewa ndi Chingerezi. Kuno ku Thyolo kudziwanso Chilomwe ndi kayankhulidwe ka Amang'anja ndi phindu lalikulu. Choncho satifiketi ya MSCE yokhala ndi Chichewa ndi Chingerezi chabwino ndiyo maziko. Munthu sangamasulire chimene iye mwini sanachimvetse, kotero ayenera kukonda kuwerenga za umoyo, za malamulo, za ulimi ndi za kayendetsedwe ka boma.

Gawo lachitatu ndi maphunziro a kumasulira. Kudziwa ziyankhulo ziwiri n'kosiyana ndi kudziwa kumasulira, monga mmene kudziwa njira ya ku Limbe kumasiyanirana ndi kudziwa kuyendetsa minibasi. Apa m'pomwe munthu amaphunzira kusunga chiganizo m'mutu, kumasulira manambala ndi mayina, ndi malamulo atatu aja. M'dziko muno khomo loyenera kugogoda ndi la MANAD. M'maiko ena maphunzirowa adafika kale kuyunivesite: ku Uganda, yunivesite ya Kyambogo imapereka dipuloma ya kumasulira chiyankhulo cha manja.

Gawo lachinayi ndi kugwira ntchito moyang'aniridwa ndi wodziwa. Wongoyamba kumene amayambira pa zopepuka, monga mapemphero ndi misonkhano ing'onoing'ono, asanafike kuchipatala, kukhoti kapena pakanema. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuthamangira mlandu wa kukhoti usanakhwime n'kuika ufulu wa munthu pachiswe.

Gawo lachisanu, kwa amene angakwanitse, ndi digiri ndi ntchito yophunzitsa ena. Ku Nguludi komwe kuja kuli koleji ya Montfort, yosula aphunzitsi a ana aulumali, kuphatikizapo osamva. Komweko kulinso Catholic University of Malawi, yomwe idatsegulidwa mu 2006 ndipo imaphunzitsa za maphunziro a ana ofunika chithandizo chapadera. Mmodzi mwa Amalawi amene ayenda njira yonseyi ndi Mayi Betty Wisiki-Kalitera, amene adadziwika pa ntchito yomasulira chiyankhulo cha manja ndipo adafika pophunzitsa pa yunivesite imeneyi. Moyo wawo wa ntchito ndi umboni wakuti ntchitoyi ili ndi makwerero, ndipo Mmalawi akhoza kuwakwera mpaka pamwamba.

Sitibisa kuti ntchitoyi ili ndi zowawa zake. Anthu ambiri amayembekezera kuti womasulira agwire ulere, ngati kuti wangothandiza mnzake kuwoloka mtsinje. Malo a ntchito yokhazikika ndi ochepa. Mapewa ndi mikono zimawawa, ndipo mtima umalemedwa ndi zinsinsi zomwe sangauze munthu. Wofuna kuilowa alowe akudziwa zimenezi.

N'chifukwa chiyani womasulira apite kuyunivesite?

Wina angafunse kuti, popeza omasulira ndi ochepa kale, bwanji mmodzi achoke kukaima m'kalasi? Mayankho alipo atatu.

Choyamba, womasulira mmodzi amathandiza msonkhano umodzi pa nthawi imodzi, pamene mphunzitsi wa aphunzitsi amafika m'makalasi ambiri kudzera mwa ophunzira ake. Mphunzitsi aliyense amene watuluka m'koleji akudziwa chiyankhulo cha manja adzakumana ndi ana osamva kwa zaka zonse za ntchito yake. Boma likulimbikitsa kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo m'sukulu za kufupi ndi kwawo, koma mwana wosamva akakhala m'kalasi momwe mphunzitsi sadziwa chizindikiro n'chimodzi chomwe, amangokhala chikhalire mpaka belu kulira.

Chachiwiri, chiyankhulo chimafuna kufufuzidwa ndi kulembedwa. Zizindikiro za ku Bvumbwe zikhoza kusiyana pang'ono ndi za ku Embangweni, monga mmene Chichewa cha ku Kasungu chimasiyanirana ndi cha kuno. Pamafunikanso kugwirizana za zizindikiro za zinthu monga bajeti, katemera kapena kusintha kwa nyengo. Ntchito yotere imafuna anthu ophunzira za ziyankhulo, ogwira limodzi ndi osamva eni ake. Apa tikukumbukiranso Stokoe uja: kafukufuku wa mphunzitsi mmodzi adathandiza kusintha mmene dziko limaonera chiyankhulo cha anthu miyandamiyanda.

Chachitatu, wophunzira wosamva amene wakhoza mayeso a fomu 4 sangapindule ndi malo ake kuyunivesite ngati kulibe womasulira wodziwa sayansi kapena malamulo pamlingo umenewo. M'boma lathu muli yunivesite ya MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Ndata, ndi koleji ya zaumoyo ya Malamulo ku Makwasa. Kuti mwana wa ku Mountain View adzakhale pampando m'sukulu zimenezi, pafunika omasulira amene nawonso adaphunzira mozama. Ndipo cholinga chenicheni n'chakuti osamva eni ake adzafike pophunzitsa chiyankhulo chawo kuyunivesite, womasulira ali pambali pawo ngati mnzawo wa ntchito.

Zimene malamulo akunena

Kupeza womasulira si mphatso yochita kupempha mogwada. Gawo 26 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu kwa munthu aliyense wogwiritsa ntchito chiyankhulo cha kukhosi kwake. Gawo 42 limanena kuti woimbidwa mlandu azengedwe m'chiyankhulo chimene akuchimva, apo ayi boma limulipirire womumasulira. Mu 2009 Malawi idavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limatchula mwachindunji chiyankhulo cha manja ndi omasulira odziwa ntchito. Mu 2012 dziko lino lidakhazikitsa lamulo la anthu aulumali, ndipo mu 2024 padabwera lamulo latsopano lomwe lidakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA.

Anzathu oyandikana nafe adapita patsogolo. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 adaika chiyankhulo cha manja pamndandanda wa ziyankhulo 16 zovomerezeka, pamndandanda womwewo pomwe pali Chichewa. South Africa idachita chimodzimodzi mu 2023, pamene chiyankhulo cha manja chidakhala cha nambala 12 mwa ziyankhulo za boma. Pa 23 Sepitembala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira ziyankhulo zamanja, tsiku lomwe bungwe la osamva la padziko lonse lidabadwa mu 1951.

Kumene womasulira akufunika m'boma lathu

Tikumbukire namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Machenjezo ambiri a ngozi zotere amafika kwa anthu kudzera pawailesi ndi pazimkuzamawu. Munthu wosamva wokhala m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri amadalira kuti wina amukumbukire. Komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ikakhala yopanda njira yomufikira, moyo wake uli pachiswe kuposa wa wina aliyense.

Tiganizirenso za m'maesiteti ndi m'minda ya alimi ang'onoang'ono a tiyi. Kuthyola tiyi sikufuna makutu, ndipo munthu wosamva akhoza kudzaza dengu mofulumira ngati wina aliyense. Koma kapitawo akamafotokoza za ndime, za makilogalamu a pasikelo, za zodulidwa pamalipiro kapena za kuopsa kwa mankhwala opopera, wosamvayo amangotsatira zomwe anzake akuchita. Akaitanidwa kuofesi pa mlandu, amatha kusayina pepala lomwe sadalimvetse. Kalembera wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo, wa mtukula pakhomo ndi wa zisankho nawonso amafuna kuti munthu amve tsiku, malo ndi zoyenera kutenga.

Zimene wodi iliyonse ingachite

Chitukuko chimayambira m'mudzi, kupita ku komiti ya dera, kenako kukhonsolo. Nkhani iyi iyendenso njira yomweyo.

Komiti ya chitukuko cha m'mudzi idziwe anthu osamva a m'dera lake, mwa chilolezo chawo, ndipo ione ngati ana a msinkhu wa sukulu akuphunzira. Polemba ndondomeko ya zofuna za mudzi, nkhani ya womasulira ilowemo monga mmene mjigo umalowera. Chimene sichidalembedwe m'ndondomeko sichipeza ndalama, choncho okonza misonkhano ikuluikulu aziika malipiro ndi thiransipoti ya womasulira m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Mafumu, mipingo ndi mizikiti asankhe achinyamata a khalidwe labwino, odziwa kusunga pakamwa, amene ali ndi chidwi, ndipo mayina awo apite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma kuti ilumikizane ndi MANAD. Posankhapo osamva afunsidwe, chifukwa iwo ndiwo adzaika zinsinsi zawo m'manja mwa munthuyo. Zipatala zing'onozing'ono, polisi ya m'dera ndi maesiteti zingachite bwino kukhala ndi wantchito mmodzi kapena awiri odziwa zizindikiro zoyambira, pokumbukira kuti wodziwa moni ndi manambala sanafike pokhala womasulira.

Pamsonkhano pomwe pali womasulira, tiyankhule mmodzimmodzi. Tiyang'ane wosamvayo ndi kuyankhula naye mwachindunji, osati kumauza womasulira kuti "amuuze". Tisadutse pakati pawo, ndipo tisanavote tidikire kuti womasulira amalize. Mayina onyoza monga "gonthi" tiwasiye, munthu timutchule dzina lake.

Makolo nawo akaona kuti khanda silidzidzimuka ndi phokoso, kapena mwana wakwanitsa zaka ziwiri osatchula liwu, apite naye kuchipatala msanga. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre kuli gawo loyeza makutu. M'mera mpoyamba: mwana amene wapeza chiyankhulo ali wamng'ono, kaya cha pakamwa kaya cha manja, amaphunzira zina zonse mosavuta, pamene wobisidwa m'nyumba amataya zaka zomwe sizibwereranso.

Maboma ambiri alibe sukulu ya ana osamva. Ife tili nayo ku Bvumbwe, ndipo koleji ndi yunivesite zosula aphunzitsi awo zili m'boma loyandikana nafe. Eni chiyankhulo tili nawo m'midzi mwathu momwemu, achinyamata omaliza fomu 4 osowa chochita alinso ambiri. Chotsala n'chakuti makomiti athu akumanitse awiriwa. Wodi imene idzayambe kutero idzaona munthu uja wongoyang'ana milomo pabwalo akukweza dzanja akudziwa chimene akuvotera.

Mafunso okambirana m'makomiti

1. Kodi m'mudzi mwathu muli anthu angati osamva, ndipo uthenga wa msonkhano wapitawu udawafika bwanji?

2. Tchulani malamulo atatu a ntchito ya womasulira. N'chifukwa chiyani mwana kapena wachibale sayenera kumasulira kuchipatala ndi kupolisi?

3. Kodi kudziwa chiyankhulo cha manja kumasiyana bwanji ndi kudziwa kumasulira?

4. Kutabwera chenjezo la namondwe usiku uno, ndani angakadziwitse munthu wosamva wa m'dera lathu, ndipo angamuuze motani?

5. Ndi achinyamata ati m'wodi mwathu amene angayambe ulendo wa magawo asanu uja, ndipo komiti yathu iwathandiza chiyani chaka chino chisanathe?